Chipatala si njerwa: dokotala wa ku Chigwa ali mu Fomu 1

Lero mundipirire chifukwa ndakwiya, ndipo munthu wokwiya salankhula mwachidule.

Chaka chilichonse ana a Fomu 1 akangofika, ndimawafunsa funso limodzi pa tsiku loyamba: "Ndani muno akufuna kudzakhala dokotala kapena namwino?" Manja amakwera m'mwamba pafupifupi theka la kalasi, ena mpaka kuimirira kuti ndiwaone bwino. Ana omwewo ndimadzawafunsanso funso lomwelo akafika Fomu 4. Kumangoti zii. Wina amaseka, wina amayang'ana pawindo. Chaka china mnyamata wina wolimba mtima anandiyankha kuti, "Aphunzitsi, zimenezo ndi za ana a ku Blantyre."

Mawu amenewa sanandichoke m'mutu. Ndimawakumbukira nthawi zonse ndikamva akuluakulu akulankhula pawailesi za mapulani a zipatala za m'dziko muno, kapena wandale akaima pansanja kuno ku Chigwa n'kulonjeza "chipatala chachikulu chamakono" ife n'kumawomba m'manja. Chimene ndikufuna kunena ndi ichi: pulani iliyonse ya zipatala za Chikwawa ndi Nsanje imene ikuyambira pa njerwa, osati pa mwana wa Fomu 1 uja, ndi pulani yabodza. Tikhoza kumanga mawodi mpaka kufika ku Marka, koma ngati sitikonza zoti ana a konkuno aphunzire udokotala ndi unamwino n'kubwerera kwawo, tidzakhala tamangira mileme.

Tiyambe ndi m'mene zinthu zilili, kuti wina asanene kuti ndikungolalata.

Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti maboma awiriwa ali ndi anthu oposa 860,000, ndipo kuchokera pamenepo tachulukirachulukira. Pamwamba pa amenewa onjezanipo abale athu a ku Mozambique amene amaoloka malire kudzalandira chithandizo kuno, ndipo sitingawabweze poti ndi magazi athu omwe. Anthu onsewa akudalira zipatala ziwiri za boma, cha pa Chikwawa ndi cha pa Nsanje, chipatala cha pa Ngabu, zipatala zing'onozing'ono za m'midzi, ndi zipatala za mishoni monga St Montfort ku Nchalo, Kalemba ku Bangula ndi Trinity ku Muona. Zipatala zazikulu zotumizirako matenda ovuta zili ku Blantyre, Zomba, Lilongwe ndi Mzuzu. Kuno kulibe. Matenda akakula, mawu ake ndi amodzi: "Tikutumizani ku Gulupu." Kuchokera pa Nsanje kukafika ku Queen Elizabeth ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 180, ndipo kumapeto kwake ambulansi iyenera kukwera mapiri a Thabwa, wodwala akugubuduzika kumbuyo. Ukakafika uko upeza chipatala chodzaza kale, chifukwa mzinda wa Blantyre wakhala zaka zambirimbiri wopanda chipatala chakechake cha boma laling'ono, ndiye aliyense amathamangira komweko.

Msewu wake ndi umodzi. Ukaduka, Chigwa chonse chimasanduka chilumba. Izi si nthano. Mu Januwale 2015 madzi anazinga Makhanga, chipatala cha kumeneko chinalowa madzi, ndipo thandizo linkafika pa helikopita ndi pa maboti. Mu Malichi 2019 kunabwera Idai. Mu Januwale 2022 Ana anadula msewu wa M1 malo angapo n'kugumula damu la Kapichira, magetsi n'kuvuta dziko lonse. Mu Malichi 2023 Freddy anamaliza zotsala, pamene kolera amene anayamba mu 2022 ndipo anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno anali asanathe. Kanayi pa zaka zosakwana khumi! Kodi chimenechi tingachitchulebe ngozi yadzidzidzi? Chinthu chimene chimabwera kawirikawiri chotere si ngozi, ndi kalendala.

Aphunzitsi anzanga a mbiri yakale andichitira umboni. Mu Januwale 1862 Bishopu Charles Mackenzie anamwalira ndi malungo pafupi ndi Chiromo, pamene Ruo amathira mu Shire, bwato lake litagubuduka n'kutaya mankhwala onse m'madzi. Papita zaka zoposa 160, koma mpaka lero mtsinje ndi umene umagamula kuti ndani alandire mankhwala ndipo ndani asalandire. Zamanyazi.

Tsono wina anena kuti, "Si ndiye chifukwa chake tikufuna chipatala chachikulu kuno?" Eya, tikuchifuna. Ine sindikuchikana. Koma ife a ku Chigwa tiyenera kukhala anthu omaliza kunamizidwa ndi simenti, chifukwa tinaona kale. Mu Okutobala 2010 Pulezidenti Bingu wa Mutharika anatsegula doko la Nsanje, Robert Mugabe ndi Rupiah Banda ali pompo, magule akuvinidwa, anthu akuuzidwa kuti Nsanje isanduka mzinda. Sitima ya pamadzi imene ankaiyembekezera sinafike, inagwidwa ku Mozambique. Konkire ija ilipobe m'mbali mwa Shire. Anamanga doko asanakonze za sitima. Ndiye mukufuna timangenso chipatala tisanakonze za madokotala?

Tiyeni tichite masamu, poti ena mwa inu ndinakuphunzitsani. Mwana amakhala zaka 4 ku sekondale. Akasankhidwa kukachita udokotala ku Kamuzu University of Health Sciences, amakhalako zaka 6, kuwerengera ndi chaka choyamba chokonzekera. Akamaliza amagwira ntchito pansi pa madokotala akuluakulu kwa chaka ndi theka asanaloledwe kuima payekha. Zonse pamodzi ndi zaka pafupifupi 12. Ngati tikufuna katswiri wa maopareshoni kapena wa amayi oyembekezera, onjezanipo zaka zina zinayi. Pomwe wandale amakhala pampando zaka 5. Nyumba imamangidwa zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo pakhoma pake pamamatidwa chikwangwani cholembedwa dzina la amene anaitsegula. Pamphumi pa dokotala sipamatidwa chikwangwani. Mwachiona chifukwa chimene amakondera njerwa?

Ndiye ngati boma likunena zoona pa masomphenya a Malawi 2063, kapena pa pulani ya unduna wa zaumoyo ya 2023 mpaka 2030, dokotala amene adzagwire ntchito pa Nsanje m'zaka za m'ma 2030 ali m'kalasi mwanga lero, wakhala pansi chifukwa madesiki sakukwana. Kodi pulaniyo ikumudziwa?

Ndikuuzeni za mtsikana wina amene ndinamuphunzitsa pa sukulu ina ya CDSS. Dzina sinditchula. Masamu ankawamwa ngati thobwa. Ndikalakwitsa pabolodi ankakweza dzanja mwaulemu n'kunena kuti, "Aphunzitsi, mwina choko chaterereka." Ankafuna udokotala chifukwa mayi ake aang'ono anamwalira pobereka, usiku, ali pa ngolo ya ng'ombe panjira yopita kuchipatala. Sukulu yathuyo inalibe labotale. Kemisitiri tinkaphunzitsa pojambula mabotolo pabolodi n'kuwauza ana kuti, "Tayerekezani kuti madzi awa asintha mtundu." Zipangizo zenizeni mwanayu anazigwira koyamba patatsala masiku ochepa kuti alembe mayeso a MSCE, titakazibwereka kwina. Anakhoza, ndipo anakhoza bwino ndithu, koma osafika pa mapointi amene amafunika pa udokotala, kumene amalimbirana malo ndi ana amene anayamba kusewera ndi maikulosikopu ali mu Fomu 1. Lero ali pabanja, amagulitsa nsomba pamsika. Ndikakumana naye amagwada n'kundipatsa moni, ine n'kumayang'ana kumbali chifukwa cha manyazi. Chipatala chimene mayi ake aang'ono sanakafikeko chija chikusowabe anthu.

Mwana uyu sanalephere. Tinamulephera ndife.

Mmalo mwake boma limatitumizira achinyamata ochokera kumtunda. Amafika ndi chikwama, n'kulandiridwa ndi kutentha kwa mu Okutobala kopitirira madigiri 40, udzudzu wa ku Dambo la Njovu, nyumba yodontha kapena kusowa nyumba kumene, magetsi ozimazima, ndi sukulu zimene safuna kuti ana awo aphunzirepo. Miyezi isanathe amayamba kulemba makalata opempha kusamutsidwa. Ine sindiwada, ndipo alipo ena amene apirira nafe zaka zambiri, Mulungu awadalitse. Ifenso aphunzitsi timazidziwa bwino: ndi angati amene anabwera nafe limodzi amene alipobe? Kwa munthu wa kumtunda, kutumizidwa ku Chigwa kumamveka ngati chilango. Kwa mwana wa ku Tengani kapena kwa Chapananga, n'kubwerera kwawo basi. Kutenthaku anabadwira momwemo.

Palinso nkhani ya chilankhulo. Gogo wa ku Ndamera akafika kuchipatala amafotokoza ululu wake m'Chisena. Akati "ndikuona nyatwa" akutanthauza kuti akuvutika koopsa. Mnyamata wokulira mu Lilongwe amadziwa kuti "nyatwa" ndi zinthu zabwino kwambiri! Nkhaniyi timaseka nayo m'chipinda cha aphunzitsi, koma taganizani matenda angati amene amasochera pakati pa pakamwa pa wodwala ndi khutu la womuthandiza.

Zimene ndikunenazi si nzeru zanga ayi. Mu 2010 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa malangizo a m'mene maiko angasungire ogwira ntchito zachipatala kumidzi, ndipo ena mwa malangizo oyambirira anali akuti: sankhani ophunzira ochokera kumidzi komweko, ndipo aphunzitseni kufupi ndi kwawo. Dziko la Thailand linayamba mu 1994 kutenga ana a kumidzi, kuwaphunzitsa udokotala m'zipatala za m'zigawo, n'kuwabweza kumaboma a kwawo. Ku Canada anatsegula sukulu ya udokotala kumpoto kwa Ontario mu 2005 pofuna kuthana ndi vuto lomweli. Ngakhale ku Joni konkuno, pa chipatala cha Mosvold ku Ingwavuma, dera losauka la kumalire ndi Mozambique, anayamba mu 1999 kulipirira ana a m'midzi yozungulira maphunziro a zachipatala, pa mgwirizano woti akamaliza adzagwire ntchito kwawo. Anthu ankati ana a m'sukulu za kumudzi sangakwanitse. Anakwanitsa, ndipo anabwerera.

Kwathu konkuno chitsanzo chilipo. Pamene College of Medicine inkatsegulidwa mu 1991, cholinga chake chinali chomwechi: tinatopa kutumiza ana athu kunja n'kumakawasiya komweko. Maganizo amene anatipangitsa kuphunzitsa madokotala ku Blantyre mmalo mwa ku London ndi omwewo amene ayenera kutipangitsa kuwaphunzitsanso ku Chigwa mmalo mwa ku Blantyre kokha. Sukuluyi, imene mu 2021 inaphatikizana ndi Kamuzu College of Nursing n'kukhala KUHeS, yakhala ikutumiza ophunzira ake ku Mangochi kukaphunzira ntchito pa chipatala cha boma laling'ono. Ngati zinatheka kunyanja, chikuletsa n'chiyani kuno? Akatswiri ofufuza za malungo akhala akubwera ku Chikwawa kwa zaka zambiri chifukwa matendawo ali kuno. Ndiye kuti Chigwa n'chabwino pochitirapo kafukufuku, koma n'chosayenera kuphunzitsirapo dokotala?

Kuti ndisangokhala wolira maliro, nazi zimene ndikufuna kuziona mu pulani iliyonse imene ikutchula dzina la Chikwawa ndi Nsanje.

Choyamba, labotale ndi mphunzitsi wa sayansi. Sukulu iliyonse ya sekondale ya m'Chigwa, kuphatikizapo ma CDSS, ikhale ndi labotale yogwira ntchito komanso mphunzitsi wa bayoloje, kemisitiri, fizikisi ndi masamu amene anaphunziradi zimenezo ku Domasi, ku Nalikule kapena ku yunivesite. Unduna wa zaumoyo usanene kuti imeneyo ndi nkhani ya unduna wa zamaphunziro. M'mera mpoyamba.

Chachiwiri, thumba la maphunziro la pa mgwirizano. Makhonsolo awiriwa, aphungu athu, ndalama za CDF, kampani ya shuga ku Nchalo, PressCane, mipingo ndi ife eni ake tisonkhe. Mwana wa kuno amene wapeza malo ku KUHeS, ku Malawi College of Health Sciences kapena ku sukulu za CHAM alipiriridwe zonse, asaine kuti chaka chilichonse chimene tamulipirira adzabweza pogwira ntchito kuno chaka chimodzi, ndipo pa tchuthi azibwera kudzathandiza pachipatala cha kwawo.

Chachitatu, tikuze chimene tili nacho kale. Ku Muona kuli sukulu ya anamwino ndi azamba ya Trinity, imene yatumikira dziko lino kwa zaka zambiri ngakhale msewu wa tsidya la kummawa wakhala ukuzunza anthu dzinja lililonse. Ipatsidwe mphamvu, ionjezere malo ndi maphunziro. Chimodzi mwa zipatala ziwiri za boma chisankhidwe kukhala chophunzitsira, chokhala ndi nyumba zogona ophunzira ndi madokotala akuluakulu okhazikika. Tisaiwale kuti maopareshoni ambiri a amayi m'maboma a dziko lino amachita ndi ma clinical officer. Amenewa, pamodzi ndi anamwino ndi alangizi a zaumoyo amene akhala nafe zaka zambiri, apatsidwe mwayi woyamba wokweza maphunziro awo asanatope n'kuthawa.

Chachinayi, amene waphunzira alembedwe ntchito. N'zopweteka mutu kuti dziko limene likulira kuchepa kwa anamwino lakhala likusiya anamwino ophunzira bwino ali pakhomo zaka, ati ndalama zowalipira palibe, pamene mnzawo mmodzi akuyang'anira wodi yonse usiku yekhayekha.

Chachisanu, pomwe pamangidwe, pamangidwe ndi nzeru za anthu a kuno. Pamtunda, osati pomwe madzi anafika mu 2015. Magetsi a dzuwa, thanki ya madzi, malo osungira magazi ndi okosijeni, mankhwala okwanira miyezi ya dzinja atafika mvula isanayambe, ndi boti la odwala tsidya lililonse la Shire. Nyumba za ogwira ntchito zimangidwe wodi isanamangidwe. Ngalande yaikulu yothirira ya Shire Valley Transformation Programme ikadzayamba kugwira ntchito mokwanira idzakoka anthu ambiri, ndipo pomwe pali madzi odikha pamabwera udzudzu ndi likodzo. Kodi alipo amene wawerengera zimenezi?

Ndikudziwa zimene ena anene.

Ati, "Aphunzitsi mukufuna kubweza kota pakhomo lakumbuyo." Ayi. Kota ija inathetsedwa mu 2020 ndipo sindikuilira. Iyo inkagawa malo potengera boma limene makolo ako anachokera, ngakhale iwe utakulira ku Area 47, ndipo sinkafunsa kuti ukamaliza udzagwira ntchito kuti. Ine ndikunena za mwana amene waphunzira m'sukulu za kuno, amene wakhoza mayeso, amene wasaina kuti adzabwerera. Akhale Msena, Mmang'anja, Mtumbuka kapena Mlomwe wobadwira m'makomboni a ku Nchalo, zilibe kanthu. Ndipo zomwezi zichitike ku Chitipa, ku Likoma ndi ku Neno. Sindikupempha kuti mayeso a udokotala afewetsedwe. Ndikupempha kuti mpikisano uyambire pa mzere umodzi.

Ati, "Ana a kunonso akaphunzira amathawira m'tauni." Ena adzathawadi. Koma pa ana khumi, asanu akatsala, ndiye kuti tapeza asanu amene lero tilibe. Ndipo amene mayi ake amagona pa mphasa m'chipatala chomwecho sachedwa kumva chisoni.

Ati, "Ndalama kulibe." Mu 2001 ku Abuja atsogoleri a mu Africa analonjeza kuti 15 kwacha pa 100 kwacha iliyonse ya bajeti izipita ku zaumoyo, ndipo zaka zambiri ife timathera pansi pa mlingo umenewo. Tinazolowera kuti azungu atilipirira. Mu Januwale 2025 boma la America litaimitsa mwadzidzidzi thandizo lake la kunja, tinaona m'mene ntchito zambiri zaumoyo zinagwedezekera. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Komanso ndifunse: kutumiza odwala pa ambulansi kukwera Thabwa tsiku ndi tsiku, n'kubwerako ndi maliro, n'kwaulere? Kumanganso chipatala chimene chamizidwa kachitatu pamalo omwewo, n'kwaulere? Ndalama zilipo, koma timazilipira kumapeto, pamodzi ndi misozi.

Pomaliza ndiloze chala kwa ife eni. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndife amene timakwatitsa mtsikana wa Fomu 2 chifukwa cha ng'ombe. Ndife aphunzitsi amene timauza ana kuti, "Fizikisi njovuta, ingosiyani kuti musaononge satifiketi," pofuna kuti chiwerengero cha okhoza pasukulu pathu chioneke bwino. Inenso ndinanenapo mawu amenewa, ndipo ndikulapa pamaso panu. Ndife amene timavina wandale akagula bokosi la maliro, osamufunsa kuti walipirira ana angati sukulu ya unamwino kuti maliro achepe. Mafumu athu, abusa athu, makomiti a makolo: nkhani iyi ndi yanu.

Aphunzitsi anzanga, teremu ino aliyense asankhe ana awiri kapena atatu amene akuonetsa mutu wa sayansi, makamaka atsikana, awatsatire mpaka ku mayeso. Tibwerekane zipangizo, tiphunzitsane Loweruka. Pamene khonsolo ikukambirana pulani ya chitukuko cha boma, tikakhalepo, tikafunse funso limodzi lokha: "M'pulani imeneyi muli ana angati a kuno amene adzakhale atavala malaya oyera pofika 2038?" Akayamba kutiwerengera matumba a simenti, tibwereze funsolo.

Ndipo inu ana anga amene munapulumuka, amene lero muli ku Gulupu, ku Kamuzu Central, ku Joni ngakhale ku Manchester, sindikukuitanani kuti musiye ntchito zanu. Ndikungopempha tsiku limodzi. Mukabwera kudzaona makolo, dutsani pa sukulu yanu yakale mutavala yunifolomu yanu ya ntchito, muime kutsogolo kwa ana a Fomu 1, muwapatse moni m'Chisena kapena m'Chimang'anja, muwauze mudzi umene munabadwira. Mnyamata uja anati udokotala ndi wa ana a ku Blantyre chifukwa anali asanaonepo dokotala wolankhula ngati agogo ake. Bwerani adzakuoneni.

Ndatha ine mphunzitsi wanu.